Mayi wa ku Chinsapo Amene Anasiya Kubwera

Nditamaliza maphunziro a zamaganizo, ntchito yoyamba ndinaipeza pa kachipatala kena ku Kawale, m'kachipinda komwe kale ankasungiramo makatoni a mankhwala. Munali tebulo, mipando iwiri, ndi ine. Kunena zoona ndinkadzimva. Kwathu ku Biwi mayi anga anali atalengeza kale kwa azimayi anzawo a kumpingo kuti mwana wawo ndi dokotala wa mitu, ndipo ine sindinavutike n'kuwakonza.

Chaka chomwecho bungwe lina linapereka ndalama kuti ife ongoyamba kumene tikhale ndi supavaiza, munthu wokhwima pa ntchitoyi woti tizikamufotokozera mmene tikuchitira ndi anthu obwera kudzalandira uphungu. Ine anandipatsa mayi ena ochokera kumpoto, okhala ku Area 25. Anali aafupi, othamanga poyankhula, ndipo magalasi awo ankakhala pachipumi nthawi zonse pomwe iwo akuwafunafuna patebulo. Lachinayi lililonse masana ndinkakwera maminibasi awiri kukawapeza mu kaofesi kawo ka kuseri kwa nyumba. Tinkamwa tiyi wa mandimu, ndipo lamulo linali lakuti maina a anthu asatchulidwe.

Ine ndinaleredwa kuti kwa akuluakulu supita ndi zovala zakuda. Choncho ndinkawatengera nkhani zochapa bwino zokhazokha: bambo amene anasiya kachasu, banja limene linabwererana, mtsikana amene anayambiranso sukulu. Iwo ankangogwedeza mutu. Lachinayi lachinayi lake anakankhira kapu pambali n'kundiyang'ana.

"Achemwali, anthu aja sakundilipira kuti ndizikuomberani m'manja. Ndiuzeni za amene anasiya kubwera."

Analipodi mmodzi, ndipo ndinkamubisa ngakhale kwa ine mwini. Anali mayi wa ku Chinsapo amene mwana wake wa zaka zinayi anamwalira ndi malungo. Namwino anamutumiza kwa ine chifukwa sankadya, sankagona, ndipo ana ake awiri otsalawo ankadyera kwa aneba. Anabwera kawiri. Ankangokhala pampando, manja ali mkati mwa chitenje, maso pansi, chete.

Tsono ine pakamwa panga sipachedwa. Kunyumba amati ndinayamba kuyankhula ndisanamere mano. Kukhala chete kwa mayiyo kunkandiyabwa, ndiye ndinkathirapo mawu: limbani mtima, Mulungu ndiye amadziwa, muli ndi ana ena, mukadali wamng'ono mudzaberekanso. Iye anathokoza mwaulemu wonse, n'kutuluka, osabweranso. Namwino uja anakumana naye pamsika ndipo anandiuza kuti akungotha thupi.

Nditafotokoza zonsezi ndinadikira kukalipiridwa. M'malo mwake supavaiza wanga anandifunsa kuti mawu amenewo ndinawaphunzira m'buku liti. Ndinavomera kuti si m'buku ayi, ndi mawu amene timanena pa maliro alionse ku Biwi. Anaseka mpaka kutsokomola, nati ndiye kuti ndinakhala zaka zinayi ku koleji kuti ndikauze mayiyo zimene aneba ake anamuuza kale ulele. Zinandiwawa. Kenako anandikumbutsa kuti pa maliro omwewo pali ntchito ina imene ndinaiiwala. Azimayi amene amalowa m'nyumba ya siwa amangokhala pamphasa pafupi ndi namfedwa, ena mpaka dzuwa kupendeka, popanda kulalikira.

Atatero anavula wotchi, kuiika patebulo, nandiuza kuti tikhale chete mphindi zisanu, ine ndi iwo, tikuyang'anana. Ndinamva chigayo cha kutsidya kwa msewu, nkhuku za eni ake, ngakhale mimba yanga. Pa mphindi yachitatu ndinayamba kuyamikira makatani awo, ndipo tinayambiranso poyamba. Tsiku limenelo tinayambiranso katatu.

Potsanzikana ndinati mawa lake ndikwera kabaza kukafunafuna nyumba ya mayiyo ku Chinsapo. Anandikaniza. Anati munthu wa kuchipatala akangofika pakhomo n'kumafunsa njira kwa ogulitsa makala, lisanalowe dzuwa dera lonse lidziwa kuti mayi uja wazungulira mutu. Anati ndimuimbire foni kamodzi kokha, ndipepese, basi. Kubwera kapena kusabwera zikhale za iye.

Ndinaimba. Ndinamuuza kuti ndinayankhula kwambiri osamumvetsera, ndipo kuti mpando wake ulipobe. Anangoti chabwino, n'kudula. Panapita milungu iwiri. Masiku amenewo ndinali wokhumudwa, ndipo ndinkaopa kuti ndamupirikitsa munthu pa khomo lokhalo limene linamutsalira. Koma maulendo a ku Area 25 ndinayamba kuwakonda. Ndinkafika ndi zolakwa zanga zili poyera, tinkazitambasula patebulo, kuseka zosekeka, kukonza zokonzeka. Mpaka lero, pamene ineyo ndikuyang'anira anzanga awiri ongoyamba kumene, sindinaonepo masana okoma ngati amenewo.

Lolemba lina m'mawa, nditangotsegula chitseko, ndinamupeza mayi uja atakhala pabenchi panja. Anali ataondadi. Tinapatsana moni, analowa, anakhala. Ine ndinaika manja pamaondo n'kuluma lilime. Mawu ankabwera okha mpaka kukhosi, ine n'kumawabweza. Panja namwino ankaitana anthu a kusikelo, ndipo ndinamva maina ambiri ndithu akuitanidwa ife tikadali chete.

Kenako anapumira m'mwamba, osadzutsa mutu.

"Kunyumba dzina lake salitchulanso. Akuti ndingalire."

Ndinamufunsa kuti dzinalo linali ndani. Analitchula motsitsa mawu, ngati akuopa kuti wina amudzudzula. Ndinalibwereza. Apo anadzutsa maso koyamba chibwerereni, nalitchulanso mokweza, monga ankamuitanira mwanayo akachedwa kosewera. Analira nthawi yaitali, ndipo sindinamutonthoze. Misozi itachepa anayamba kundiuza za mwanayo, kuti ankakana phala lopanda nsinjiro, ndiponso kuti ankavala nsapato za abambo ake n'kumayenda nazo pabwalo akuti akupita kuntchito. Pamenepo anaseka pang'ono, akupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

Nthawi yathu itatha anaimirira, namanga bwino chitenje chake. Ali pakhomo anatembenuka n'kundifunsa ngati angabwere ndi chithunzi cha mwanayo mlungu wamawa, kuti nanenso ndimudziwe.