Mabuku Amene Chiswe Chinadya

Chinali chaka cha 1998, ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinali kapitawo pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe. Chaka chimenecho manijala anachoka osatsanzika. M'nyumba mwake tinapezamo bedi lopanda matiresi ndi katoni ya mabuku asanu ndi limodzi. Bedi anatenga mlonda. Ine ndinatenga mabuku.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma yakale, ndipo Chingerezi chake sichinali chamasewera. Ndinkawerenga ndikulondoleza ndi chala. Mawu akandikanika ndinkawalumpha ngati ngalande.

Mabukuwo anali nkhani imodzi yopitirira. Kumwamba kunali ufumu waukulu wolamulira nyenyezi zosawerengeka. Mfumu yake inali itafa, akazembe akulimbirana zotsala. Olimbana nawo anali oukira ochepa, oyenda m'zombo zakale zazigamba. Pakati pawo panali mayi wina woyendetsa chombo. Kwawo kunali dziko la mapiri ndi mvula, ndipo ankangoti nkhondo ikatha adzabwerera.

Mkazi wanga anali wa m'munsi mwa phiri la Mulanje. Tinabwera ku Kasungu ngati matenanti, titapangana kuti tilima zaka ziwiri n'kubwerera. Ana anabadwira kuno, n'kukulira kuno. Iye sankatha kuwerenga. Masana tikakhala m'chigafa, iye akusoka fodya, ine ndinkamumasulira. Kuwala kunkalowa m'mipata ya udzu, fumbi la fodya likuyandama m'menemo. Masamba olendewera pamwamba pathu ankagwedezeka pang'onopang'ono, ndipo ndikakweza maso ndinkaona ngati zombo zafola kudikira ulendo. Kunja chigwa chinali phee, chopanda phiri loti diso n'kupumirapo.

Za nkhondo analibe nazo ntchito. Ndikayamba za mizinga ankayasamula.

"Dumphani pamenepo, bambo. Mayi uja ali kuti?"

"Akukonza chombo."

"Mpaka lero? Alibe mwamuna womuuza kuti zaka ziwiri zokha?"

Ndinatembenuza tsamba.

Vuto linali amuna a pa esiteti. Kuno pepala lililonse ndi lopichirira fodya. Tsiku lina ndinapeza buku lachiwiri laonda pakati. Kuseri kwa chigafa matenanti atatu anali atakhala pa mikangala yoyanikapo fodya, utsi uli tolotolo. Ndinawafunsa amene wang'amba.

"Akapitawo, musakwiye," anatero wamkulu wa iwo, bambo wa ku Phalombe wa mano awiri. "Pepala lake ndi lofewa. Ukakoka kamodzi umafika kumwamba osakwera chombo."

Anzakewo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinawatuma kukapalira nazale yomwe inalibe udzu.

Pofika mwezi wa Meyi tinali titamaliza mabuku asanu. Ufumu unali utatsala ndi nyenyezi zochepa, ndipo mayi uja anali atavulala mkono, chombo chake chikudontha mafuta. Linatsala buku limodzi. Kunyumba sindikanasunga mabukuwo, chifukwa alamu anga nawonso ankasuta. Malo amene munthu sankalowa popanda chilolezo changa anali amodzi: dzenje lofewetsera fodya. Limakhala lozizira, lachinyezi, kuti tsamba louma lifewe lisaphwanyike posankha. Ndinaganiza kuti malo osunga tsamba la fodya asunganso tsamba la buku. Ndinakumba kaphanga m'khoma la dzenjelo, ndinakulunga katoni m'chiguduli, n'kutseka ndi udzu.

Kenaka ntchito inatipanikiza. Kusankha, kumanga, kudinda mabelo pa jeke. Popeza manijala panalibe, ndinaperekeza mabelo ku okushoni ku Lilongwe ndine, ndipo ndinakhalitsako. Pobwera ndinapeza thirakitala yagulitsidwa, matenanti ena akweza katundu pa njinga. Esiteti inali kutha ngati ufumu uja, aliyense akuzula chimene angathe, malata ndi zitseko zomwe.

Ndinalowa m'dzenje. Udzu unali momwe ndinausiyira. Nditasolola chiguduli chinangoduka m'manja. Chiswe chinali chitamanga nyumba yake m'katoni. Mabuku onse anali dothi lofiira, lokhala ndi tinjira. Chinatsala ndi chikuto cha buku lomaliza, chifukwa chinali chapulasitiki pamwamba: chombo chimodzi chaching'ono, kutsogolo kwake dziko lobiriwira.

Ndinachipereka kwa mkazi wanga. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye anafika?"

"Sindikudziwa."

"Dziko lake si ili? Nenani kuti anafika."

"Chithunzi si buku, mayi. Sindinena zimene sindinawerenge."

"Mutu wanu ndi wouma kuposa fodya wa mu Okutobala," anatero, n'kusomeka chikutocho kudenga.

Esiteti itatsekedwa tinapeza kamunda ku Chisemphere. Ku Mulanje tinkapita pa maliro pokha. Mabukuwo ndinawafunafuna kwa ogulitsa mabuku akale pa Kasungu, osawapeza. Anthu ena anandiuza kuti nkhaniyo ili m'kanema. Ndinakalowa m'nyumba ya vidiyo kamodzi. Munali phokoso ndi moto, mayi uja munalibe. Ndinatuluka isanathe.

Chaka chilichonse mitambo yoyamba ikayamba kusonkhana, iye ankaima pakhomo n'kufunsa, ngati akufunsa za mnansi, "Kaya mayi uja." Ine ndinkati, "Kaya."

Mkazi wanga anadwala zaka zapitazi, nthawi yotentha. Masana ena anagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, ine ndikusema mpini pambali pake. Mphepo inkanyamula fumbi m'minda yopanda kanthu, kulizunguza, n'kulisiya. Anatsegula maso.

"Bambo, mayi uja anafika. Ndamuona."

Ndinaika kasemasema pansi. Ndinali ndisanawerenge zimenezo paliponse.

"Kunali mvula?" ndinafunsa.

"Yowaza. Phiri lonse lanyowa. Watsika m'chombo, wavula nsapato."

"Mkono uja?"

"Wapola."

"Ndiye wafika," ndinatero.

Anagonanso. Sabata yomweyo tinamuika m'manda a kuno, m'dothi lamchenga, kutali ndi phiri. Chikuto chija ndinachiika m'bokosi mwake.

Zimene zinatayika ndi izi: masamba a pakati pa buku lachiwiri, amene anapita ndi utsi. Mabuku asanu amene ndinawerenga. Limodzi limene sindinatsegule. Esiteti imodzi ndi zigafa zake. Zaka ziwiri zimene ndinalonjeza. Mkazi mmodzi.