Mawu a Mfalansa ndi a Bambo Anga

Fungo la utoto wodzola kumaso limandibwezera ku holo ya sukulu ku Lawrence, kumene tinkayeserera sewero la nyimbo. Bambo, amene ankapeka nyimbo za kwaya ya Amalawi, anadzanditenga tsiku lina akuchokera kuntchito yosamalira okalamba.

"Mwanawe, amene anayamba kupeka mawu mukuimbawa ndi Mfalansa," anatero m'galimoto. "Kuti sewerolo lifike kuno ku Amereka, ake anachotsedwa n'kuikamo a Chingerezi."

Ndinayesa umenewo ndi ulemu waukulu.

"Ndiye tichotsenso anuwo, adadi, mutchuke!"

Anaseka pang'ono, nayatsa wailesi.

Lero kwaya ija imaimba Chingerezi chokhachokha. Mawu a Mfalansa akadali m'mabuku kwawo. A bambo sanalembedwe paliponse: ankakhala pakamwa pa ife ana, ndipo tinakula.