Marimu a pa mpanda wa a Sipoko

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, bambo amene ophunzira ankawatcha a Sipoko ankakonza njinga pambali pa geti la yunivesite. Chuma chawo chinali pampu, masipanala m'chitini cha penti, ndi beseni la madzi akuda lofufuzira pobooka pa chubu. Sukulu anaisiyira panjira, koma msewu umenewo ankaudziwa kuposa aliyense wovala tayi, chifukwa ngozi iliyonse ya njinga inkathera m'manja mwawo.

Anali ndi chizolowezi chawo. Rimu ikabwera yopindika moti singawongoke, sankaitaya. Ankafunsa mwiniwake, kapena m'bale wake ngati mwiniwakeyo ali kuchipatala, kuti, "Zachitikira pati?" Kenako ankaikoloweka pa mpanda wawaya kumbuyo kwawo, malo aliwonse ndi mzere wake. Za pa geti zinali zinayi, za pa siteji ya minibasi zisanu ndi imodzi. Koma za pa kona yotsetsereka, pamene zitsulo zovundikira ngalande zinagona motsata msewu n'kumameza matayala, zinapitirira makumi atatu. Yoyamba pa mzerewo, yadzimbiri, yomangidwa kansalu kofiira, inali ya mng'ono wawo. Tsiku lina akuwabweretsera chakudya chamasana, tayala linalowa m'zitsulozo, iye n'kugwera kutsogolo kwa lole. Chiyambire tsikulo a Sipoko ankangofuna chinthu chimodzi: zitsulozo zitembenuzidwe, zipingase msewu. Ntchito yoti amuna awiri atha kumaliza dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndiye kunabwera akatswiri, ati kudzakonzanso msewu kuti apanjinga ndi oyenda pansi asamafe. Anatsika m'galimoto ndi zisoti zoyera zosadziwa fumbi, nakhala pansi pa ambulera masiku atatu kuwerenga odutsa. Nanga anasankha liti? Pa tchuthi, ophunzira onse ali kwawo. Anawerenga mlonda, mayi wogulitsa nthochi ndi agalu awiri, n'kulemba zonsezo m'kompyuta nkhope zili gwa.

A Sipoko anapukuta girisi m'manja n'kupita kwa injiniya wamkulu, munthu woti njinga anaikwera komaliza akuvala kabudula wa sukulu.

"Pepani bwana, tabwerani muone mpanda wangawu. Popha anthu ndi pa kona apo."

"Muli ndi malipoti, bambo?"

"Ndi apachikidwawa."

Injiniya anayang'ana marimu aja monga mmene munthu amayang'anira chimene waponda ndi nsapato yatsopano. "Izi ndi zitsulo zakutha. Ife timayendera kafukufuku."

Kafukufukuyo anabala mwana wake. Anapaka kanjira ka njinga penti yobiriwira, anazika timitengo toyera, anaimika zikwangwani zojambula kamunthu kakupalasa mosangalala. Kukongola kokha ayi ndithu, tisawanamizire. Koma kanjirako kanasonkhanitsa njinga zonse mbali ya ngalande, kanatsetsereka nazo bwinobwino, n'kuthera mapazi makumi awiri chabe kona isanafike. Chifukwa chake? Mapu awo anathera pamenepo. Ophunzira bwino anthu amenewa, moti kumene pepala lathera amaganiza kuti dziko lathanso.

Malo a a Sipoko anapezeka kuti ali pa njira yatsopano ya oyenda pansi, choncho anawasamutsira kuseri kwa khoma la koimika magalimoto, pafupi ndi dzala. Sanakane. Anatuta zida zawo pa wilibala, koma pobwerera kudzatenga marimu anapeza mpanda uli mbee, wina akuupaka penti yasiliva.

"Achimwene, zinali apa zija zili kuti? Panali ina ya kansalu kofiira."

"Zapita pa lole, madala. Tauzidwa kuti alendo asaone zinyalala mawa."

A Sipoko anaima pamenepo atagwira wilibala yopanda kanthu. Zinawapweteka ngati maliro a mng'ono wawo aja achitikanso.

Mawa lakelo mabwana anadula riboni. Anakwera njinga zobwereka, aliyense ndi womugwirira chishalo kumbuyo, napalasa kuchoka pa geti kufika pamene panaima wojambula zithunzi. Anthu anawomba m'manja. Kumunsi ku kona sikunafike ngakhale mmodzi.

Sukulu itatsegulira sipanathe sabata. Kuseri kuja kunatulukira mtsikana wa chaka choyamba, akutsimphina, mkono uli m'bandeji, dzanja linalo litanyamula wilo lakutsogolo. A Sipoko sanamufunse n'komwe kuti zachitikira pati, kupindika kwake ankakudziwa.

"Ndinangotsata njira yobiriwirayo, bambo," anatero mtsikanayo, misozi ili lengelenge. "Ndimayesa ndi yathu."

"Khala apa, mwanangu. Sunalakwe ndiwe."

Anamupatsa kampando kawo, natembenuza rimu ija uku ndi uku. Inali yosawongoleka. Kumalo kwatsopanoko kunalibe mpanda, ndiye anatenga hamala, nakhoma msomali pa khoma, n'kuikoloweka. Anayang'ana khomalo kanthawi, napisa dzanja m'chitini muja, n'kukhomeratu misomali ina isanu ndi inayi.