Tsiku limene ndinakatenga Chapati kwa Bambo Gondwe

Ntchitoyi ndinaimvera kutchalitchi ku South B. Ndinali nditabwera ku Nairobi kutsatira amuna anga, ndipo ndinkangokhala pakhomo. Mayi wina wa m'kwaya anandiuza kuti malo ena ophunzitsa agalu otoledwa m'misewu akufuna munthu wosaopa kulumidwa. Ndinapita.

Abwana anga anali Mayi Wanjiru, munthu wosachulutsa mawu. Anandipatsa chingwe, lamba wa pachifuwa cha galu, kathumba ka chiwindi chowamba, ndi kachitsulo kolira kuti "ke" ukakadina. "Galu akachita bwino dina pomwepo, kenako umpatse chiwindi," anatero. "Osamumenya. Anamenyedwa kale."

Galu wanga woyamba anali Chapati, wamkazi wofiirira, amene anamupeza ku Industrial Area waya atamudya khosi. Poyamba sankalola kukhudzidwa. Pang'onopang'ono anaphunzira kutola chinthu n'kukachiika pamiyendo pa munthu ukamuuza m'Chiswahili kuti "leta", kutanthauza bweretsa, kukoka kansalu komangidwa pachitseko kuti chitseguke, ndiponso kuuwa munthu akagwa.

Tinamupereka kwa Bambo Gondwe, Mmalawi mnzathu wokhala ku Hurlingham, mu Nairobi momwemo, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo ankayendera njinga ya olumala. Masana ankatsala okha, akazi awo ali kuntchito. Ndikapita kukawaona ankandiuza movutikira kuti, "Amayi, uyu amandimva ngakhale lilime likane."

Kenako matenda anakula. Achibale anagwirizana zowatengera kwawo ku Rumphi. Kukonza zoti galu akwere nawo ndege kukanatenga nthawi, ndipo adokotala anati nthawiyo palibe. Mayi Wanjiru anandituma kukamutenga.

Ndinapeza masutikesi ali pakhomo, Chapati atagona pansi pa njinga. Nditamumanga chingwe, anachilanda m'manja mwanga n'kukachiika pamiyendo pa Bambo Gondwe. Ndinachitenga, iye n'kuchibwezanso.

"Bambo, sachoka mpaka mumuuze ndinu," ndinatero.

Galuyo ankadziwa mawu a Chiswahili akuti "nenda", kutanthauza pita. Iwo anayesa kuwatchula, koma lilime linakana. Akazi awo anatembenukira kukhoma. Pomaliza Bambo Gondwe anaika dzanja lamoyolo pamutu pa galuyo n'kunena m'chinenero chathu, "Pita, mwana wanga."

Chichewa sitinamuphunzitse. Anangowanyambita dzanja n'kukhala pansi. Ndinachita kumunyamula ngati mwana, n'kutsika naye masitepe akulira, inenso ndikulira.

Bambo Gondwe anamwalira atangofika kumudzi. Chapati sanagwirirenso ntchito munthu wina. Chinthu chikagwa ankangochiyang'ana. Pano amakhala kwa Mayi Wanjiru.

Kuyambira pamenepo, galu aliyense amene ndapereka ndimapita kukamutenga nthawi ndi nthawi, mwini wake n'kumuuza yekha kuti apite, madzulo ine n'kumubweza. Ena amadandaula kuti ndimawavutitsa. Ndimawayankha kuti kutsanzikana ndi bwino kukuphunzira pakamwa pakadali potha kulankhula.