Ngaka ya pa Selo

Kwa zaka khumi ndi chimodzi, a Baltazar Mwanza ndiwo ankanyamula makalata kuchokera ku Fíngoè kupita ku Chiputo ndi midzi ya m'njira. Ankayenda wapansi, thumba lachikopa kumsana, kankhwangwa paphewa. M'dzinja, mitsinje ikadzaza ndipo galimoto zikaleka kuyerekeza n'komwe, ulendowo unkawatengera masiku atatu.

Asanayambe ntchitoyi anali wolondola nyama. Apwitikizi obwera kudzasaka njovu ankawatenga kuti aziwatsogolera m'thengo. Kuwerenga sankadziwa, koma akayang'ana pansi ankatha kunena kuti apa padutsa ngoma yaimuna yotsimphina, ndipo yadutsa mame asanaume. Dziko litalandira ufulu mu 1975, osaka aja anachoka, ndipo a koreyo, kumene makalata amafikira, anafuna munthu wodziwa njira zachidule. Kalaliki wa pamenepo, mayi Glória, ankawawerengera mayina kamodzi kokha n'kumanga makalata a mudzi uliwonse ndi luzi lakelake. Sizinachitikepo kuti a Baltazar apereke kalata kwa munthu wolakwika.

Tsiku lina m'mawa, mu 1977, mayi Glória anawaitana asananyamule thumba.

"Bambo Mwanza, tabwerani mudzaone maselo atsopano. Afika dzulo."

Maselo, timapepala tomata pa kalata tija, a Baltazar sankawalabadira. Amene anawazolowera kale anali a nkhope za azungu, zombo ndi nyumba zakutali. Anayandikira mwaulemu chabe. Koma atayang'ana pa tebulo anavula chipewa.

Panali njiri, mchira uli njoo. Panali fisi, mimbulu, chiuli, changa ndi maso ake aakulu aja, ndiponso mphalapala yakuda bii, nyanga zitapindikira kumsana. Zonsezo pa timapepala tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Anazitchula imodzi imodzi, motsitsa mawu, ngati akuopa kuzidzidzimutsa. Kenako chala chawo chinaima.

"Iyi ndi ngaka," anatero. "Mayi, ngaka aiika pa selo?"

"Alemba dzina lina m'Chipwitikizi. Ine sindinaionepo."

"Ine ndinaiona kawiri moyo wanga wonse, chikhalirecho ndakulira m'thengo. Taonani mamba ake, momwe asanjikizanirana. Wojambulayu anachita kuwawerenga."

Tsikulo ananyamuka mochedwa. M'njira monse ankangoganiza za munthu wa ku Maputo amene ankadziwa kanyama kobisala m'maenje a kwawo, ndiponso zakuti kanyamako tsopano kaziwoloka nyanja, kukafika m'manja mwa anthu a mayiko amene iwo sangawatchule n'komwe. Atabwerako anapempha mayi Glória kuti awalembere kalata.

"Tilembere yani?"

"Wojambulayo. Mungolemba kuti kwa amene anajambula ngaka. Mumufunse kuti anaiona kuti."

Mayi Glória anaseka, komabe analemba, n'kuitumiza ku likulu la koreyo. Patapita miyezi isanu yankho linabwera. Wojambulayo anali a Caetano, munthu wobadwira m'tawuni. Analemba kuti ngaka yamoyo sanaionepo. Imene anajambula inali chikopa chouma chodzazidwa ndi udzu, choikidwa m'galasi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kumapeto anafunsa kuti: "Bambo, inu amene munaiona, ndiuzeni, imayenda bwanji?"

A Baltazar anapempha kuti awawerengerenso. Zinawazunguza mutu kuti munthu angayang'ane chikopa chakufa n'kutulutsamo nyama yooneka ngati ikupuma. Ndiponso munthu wa luso lotere ankafunsa iwo.

"Tiyankhe lero?" anafunsa mayi Glória.

"Ayi. Ndinaiona kalekale, ndingamunamize. Ndikaione kaye."

Kuyambira pamenepo ankayenda maso ali pa zulu. Ankapatuka kukasuzumira m'maenje akale a nkhumba zam'thengo, ankafunsa ofula njuchi ndi amayi otola nkhuni. Chilimwe chinatha. Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina chakumadzulo dzuwa likadalipo, ali pakati pa nkhalango ya mitondo, anamva kuwayawaya ngati munthu akukoka nthambi youma. Anaima, n'kutsitsa thumba pang'onopang'ono.

Inatulukira kuseri kwa chulu. Inkayenda ndi miyendo yakumbuyo yokha, yakutsogolo itaipinda pachifuwa ngati mayi wopita kukalandira mgonero kutchalitchi, mchira uli m'mwamba pang'ono osakhudza pansi. Mamba ake anali atanyowa, ndipo pamene dzuwa linawagunda anaoneka ngati mkuwa. Patsinde pa mchirawo panakangamira kamwana, mamba ake akadali otuwa. Mayi wa kamwanako anafukula pachulu, n'kutulutsa lilime lalitali lowonda ngati luzi, kulilowetsa ndi kulitulutsa. Anadutsa pafupi kwambiri moti a Baltazar anamva kupuma kwake. Iwo anangokhala chigwadire, nyerere zikuwakwera m'miyendo, osazisasa. Zaka zonse zimene analondola nyama, ankaziyang'ana pofuna malo olasa. Tsiku limenelo analibe choti achite koma kuyang'ana, ndipo atadzuka anapeza kuti masaya awo anyowa.

Kalata imene anauza mayi Glória kuti alembe inadzaza mapepala anayi. Mayiwo ankaima kawirikawiri kufunafuna mawu a Chipwitikizi, a Baltazar n'kumawasonyeza ndi thupi, atapinda manja pachifuwa, akuyenda chowerama pakati pa ofesi, anthu ogula maselo akuonerera. Yankho linabwera ndi pepala lojambulidwa ndi pensulo: ngaka ili chiimire pa miyendo iwiri, mwana ali pamchira. A Baltazar analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi yomweyo," anatero. "Ngakhale khutu. Khutu sindinamuuze."

Anthu awiriwa analemberana zaka zisanu ndi zitatu osaonana. A Caetano ankafunsa za chiuli, za mmene mimbulu imagawanirana nyama, za mtundu wa maso a changa. A Baltazar ankapita kukayang'ana, n'kubwera ndi yankho. Anthu a ku Chiputo anayamba kuwasungira nkhani: wina waona mapazi a nyalugwe kudambo, wina wapeza dzenje latsopano. Kalata ikafika pamudzi, ankayamba apatsirana kuti aone nyama ya pa selo, mwini wake asanaitsegule.

Kenako nkhondo yapachiweniweni inafika kwawo. Misewu inatcheredwa mabomba, midzi inayamba kupsa. Mu 1986 mayi Glória anawapatsa thumba lomaliza, la makalata makumi atatu ndi imodzi, n'kuwawerengera mayina monga mwa masiku onse. Atamanga luzi anati:

"Mukafika musabwererenso kuno, bambo. Ife tikutseka mawa."

Atafika kwawo ku Chiputo anapeza anthu atathawa. Nyumba yawo inali phulusa, pamodzi ndi makalata onse a a Caetano ndi chithunzi chija. Akazi awo anawapeza kuphiri ndi mabanja ena asanu ndi awiri, osadziwa kolowera. A Baltazar anawatsogolera m'njira za njovu, kupewa misewu ndi zitsime zodziwika, mpaka anawoloka malire a Zambia onse amoyo. Thumba lija silinachoke kumsana.

Kumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi anayamba kufunafuna eni makalata. Ankayenda chigawo ndi chigawo akutchula mayina amene anawasunga pamtima. Munthu akapezeka, ankalandira ndi manja awiri. Ambiri ankayamba ayang'ana selo, nyama ya kwawo ndi dzina la dziko lawo pansi pake, ndipo ena ankakhala pansi pomwepo. Pofika nthawi yobwerera kwawo, nkhondo itatha, anali atapereka makumi awiri ndi atatu.

Kwa a Caetano ku Maputo analembetsako kawiri, yankho silinabwere. Za mayi Glória anamva kuti anasamukira ku Tete. Thengo analipeza lili zii, chifukwa ankhondo a mbali zonse anadya nyama zambiri. Anamanga nyumba ina, n'kuyamba kuweta mbuzi, koma makalata asanu ndi atatu otsalawo sanawaiwale. Asanu ndi awiri anawapereka kwa abale a eni ake, popeza eni akewo anali atamwalira.

Yomaliza inali ya mayi Palmira, amene anathawira ku Malawi ndipo anabwerera mu 1995. A Baltazar, maso atayamba kale kuchita khungu, anayenda tsiku lathunthu ndi ndodo kukawapeza ku Chipera. Kalatayo inali ya amuna awo, amene anafera ku usilikali chaka chomwe anailembacho. Mphunzitsi wa pamudzipo anawawerengera pakhonde. Munalibe zambiri: ankapereka moni kwa ana, ankati mbewu ya mtedza isadyedwe, ndiponso kuti denga la nkhokwe alikonze mvula isanagwe. Mayi Palmira anapempha kuti awerengenso, kenako anaipinda bwinobwino n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

"Mugone konkuno, bambo," anatero. "Mwayenda mtunda wautali."

A Baltazar anagona, ndipo m'mawa mwake anabwerera ku Chiputo, kumene anakhala mpaka imfa yawo mu 2001.