Kabotolo Kochepetsa Thupi Kanaumitsa Bere Langa

Ndinazindikira kuti zinthu sizili bwino Lolemba lina mu Okutobala, pamene mwana wanga Takondwa anagwira bere lamanzere nalisiya, nagwira lamanja nalisiyanso, kenaka nkuyamba kulira popanda misozi. Phala anali asanayambe, chakudya chake chinali bere basi. Apo nkuti ine nditatha masiku ndikusanza, ngakhale madzi akumwa ankabwerera, koma ndinkangoti ndi dzuwali, zitha.

Ndimakhala kufupi ndi Mitundu, pamudzi pa amayi anga. Amuna anga kwawo ndi ku Nathenje, anabwera kuchikamwini, amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Nditabereka thupi linabwera kwambiri ndipo mimba sinabwerere. Pa chinkhoswe cha mnzanga zipi ya diresi inakana kutseka, mayi wina nkufunsa pagulu, "Amake Takondwa, kodi mwatumbiza kale, mwana akadali wakhanda chonchi?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, koma mawuwo ndinafika nawo kunyumba.

Pagulu lathu la amayi la pafoni wina anaponya nambala ya mayi wa mu Lilongwe wogulitsa jakisoni wochepetsa thupi. Mayiyo sitinamuonepo, tinkangolemberana. Ankayankha msanga, mwaulemu, amvekere mankhwalawa ndi ochokera kunja, ngakhale woyamwitsa atha kubaya. Tinagwirizana atatu, ine ndi anzanga Esinta ndi Naomi, kuti tigule kabotolo kamodzi tizigawana monga timachitira ndi thumba la feteleza. Kanabwera ndi kondakitala wa minibasi, katakulungidwa m'jumbo, katatentha ngati kanali pamoto. Wogulitsayo anati kazikhala pozizira. Ife firiji tilibe, ndiye ndinakaika pansi pa mtsuko wa madzi akumwa. Mlingo tinkaonera pa chithunzi chimene anatitumizira.

M'kabotolo koyamba munali madzi oyera ngati a pamjigo. Kachiwiri kanabwera kopanda pepala, madzi ake ambuu, chotsekera chake chooneka kuti singano inalowapo kale. Ndinafunsa, wogulitsa uja anati ndi kampani ina koma mphamvu ndi yomweyo. Ndinaziona zonsezi ndi maso angawa, koma ndinabayabe.

Kusanza kunayamba pamenepo. Pamimba pomwe ndinabaya panatupa, panafiira, kukhudza osatheka. Masana dzuwa likuswa mtengo ine ndikunjenjemera m'bulangete. Fungo la ndiwo lokha linkandibweretsera mseru, ndikaimirira nyumba inkazungulira, mkodzo unachepa nkusanduka wofiira. Ndinkayang'ana matewera a mwana, ouma. Ndinkagwira paliwombo, palowa.

Amayi anayang'ana mwana, anandiyang'ana ine, anati ili ndi tsempho. Kwathu kuno khanda likamaonda mayi wake akudwala, akuluakulu amati bambo wayenda kunja kwa banja nthawi yoyenera kudikira. Anaitana amalume, amuna anga anakhazikidwa pansi pa mtengo wa mango, kufunsidwa ngati wakuba. Iwo ankangoti, "Amalume, ine sindinayende kwina kulikonse." Amalume anati akapanda kuvomera, alongedze abwerere ku Nathenje. Amayi anapita kukafuna zitsamba zosambitsa mwana. Ine ndili m'nyumba ndikumva zonse, kabotolo kali pomwepo pansi pa mtsuko.

Ndinalembera wogulitsa uja, uthenga sunapite. Chithunzi chake chinali chitachoka, nambala yosapezeka. Esinta anati naye akutsegula m'mimba. Naomi anati sakumva kalikonse, ngakhale thupi lomwe silinachepe. Kabotolo komweko, anthu atatu, aliyense zakezake.

Lachisanu m'mawa Takondwa anasiya kulira. Anangogona, maso atalowa, ndikamuika kubere osagwira. Kulira kuja ndinkadandaula nako, koma chete uyu anandiopsa kuposa. Ndinamanga kabotolo pansonga ya chitenje, ndinauza amuna anga kuti alize njinga. Ine ndinakhala pakati, amayi kumbuyo atabereka mwana, ndipo panjira pomwepo, fumbi likulowa m'kamwa, ndinanena zonse. Amuna anga anangowonjezera liwiro.

Kuchipatala mzere unali wautali, koma nesi atangovundukula mwana anatidutsitsa. Anamutsina khungu la pamimba, khungulo linachedwa kubwerera. Ine anandiika diripi, mwana anamulowetsa kachubu m'mphuno kopatsira madzi ndi mkaka. Dokotala anatenga kabotolo kaja, anakatembenuza, anakayang'ana pawindo, nkunena kuti, "Mayi, chimene chili umu palibe angakuuzeni. Mwina ngakhale amene anakugulitsaniyo sakuchidziwa." Anati mankhwala oterewa, ngakhale enieni, sapatsidwa kwa woyamwitsa, ndipo wobayidwa amayenera kuyezedwa kaye ndi kumaonedwa ndi achipatala. Chotupa chija anaching'amba nkuchotsa mafinya, anandiyambitsa mankhwala opha tizilombo.

Masiku a m'wodi amafanana. M'mawa amakolopa, odikirira odwala amatuluka, madokotala amazungulira bedi ndi bedi, kenaka kuyeza kutentha kwa thupi, kutsuka bala, kuika mwana pasikelo. Ine maso anali pankhope ya nesi akamawerenga sikelo, kuti ndione ngati atukule nsidze. Kusanza kunayamba kuchepa, ndinayamba kumwa phala la nsinjiro lomwe amayi ankaphika kukhitchini ya odikirira odwala, koma bere linali louma gwa, ndikafinya osatuluka kanthu. Nesi wamkulu anandiuza kuti, "Muzimuika kubere pafupipafupi ngakhale musatuluke kanthu. Bere limamva mwana." Ndinkamuika, iye nkugwira pang'ono nkusiya, ine nkumuikanso. Amuna anga ankabwera masana aliwonse, nkukhala panja pakhonde chifukwa cha manyazi ndi apongozi awo. Amayi nawo ankawadutsa maso ali pansi.

Sabata yachiwiri, masana ena, ndinamva ngati tisingano tikubaya m'bere. Takondwa anakoka, anakokanso, ndipo ndinamva kukhosi kwake kukuti gudyu. Ndinaopa kusuntha. Amayi anawerama, anatchera khutu, kenaka anadzuka nkupita pakhomo la wodi. Ndinawamva akuitana, "Bambo a Takondwa, bwerani mudzamve mwana wanu akumeza." Nkhani ya tsempho inathera pomwepo, palibe anaitchulanso.

Lero Takondwa akukwawa, akuyamwa, akudya phala, ndipo kusikelo akukwera. Ine ndili ndi chipsera pamimba, ndikadya zamafuta m'mimba mumandipotabe, koma mphamvu zinabwerera, kumunda ndikupita. Esinta ndinamuperekeza ndekha kuchipatala, naye anachira. Mimba ija ikadalipo, diresi ija ndinapita nayo kwa telala anaiwonjezera nsalu.

Amayi anzanga, mankhwala obaya ochokera kwa munthu wapafoni, amene simunamuone, obwera m'jumbo paminibasi, musawaike m'thupi mwanu. Ngati munabaya kale ndipo mukusanza, kapena pobaya patupa, kapena mwana wasiya kunyowetsa matewera, nyamukani lero lomwe, kabotoloko mukatenge, ndipo mukanene zonse kwa nesi. Musadikire kuti mwana asiye kulira.