Zala Zonola Pamwala

Ndikukumbukira chaka chimene ndinanamiza munthu wosaona, ndipo munthuyo anali amalume anga enieni, mlongo wawo wa mayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwathu ku Ngabu. Anzanga a kutchalitchi kuno ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, musadabwe, ndine yemwe uja, Lufeyo, amene mumati maikolofoni sindiifuna. Sukulu ndinalekera sitandade 3, ndiye ndilemba momwe ndimayankhulira.

Amalume a Sandalamu anachita khungu ali mwana, koma bangwe ankamuimba moti amayi ankaiwala mitsuko pachitsime. Kwa inu obadwira kuno, bangwe ndi thabwa lokhala ndi nsambo zisanu ndi ziwiri za waya, kumutu kwake chitini cha palafini chokuzira mawu. Ukwati wopanda a Sandalamu anthu ankauyesa msonkhano chabe.

Zala zawo zitayamba kutupa ndi nyamakazi, anasankha ine. Anandisemera bangwe wamng'ono, nandiphunzitsa sabata yathunthu kuti chala ichi chimakwapula, izi zimatseka nsambo zosafunika. Kenako anati, "Ukalize tsiku lililonse kumunda, pang'onopang'ono, osatsegula pakamwa. Mawu akowo ndinawamva kale, mudzi wonse unawamva. Ine wophunzira sindimumvera mpaka zala zitapsa, amandiwonongera khutu. Lamulungu lililonse uzibwera ndidzazione."

Nthawi imeneyo ntchito yanga inali kuinga mbalame m'munda wa mapira. Ndinkakhala pansanja tsiku lonse, choncho mpata unalipo wambiri. Tsiku lachitatu waya uja anandibutsa matuza, ataphulika ankawawa ngati wathirapo tsabola. Komabe si ululu umene unandigonjetsa. Anyamata a m'minda yoyandikana anamva kulira kwa bangwe wanga, mmodzi nakuwa kuti, "Lufeyo, nkhuku ikufayo ndi ya yani?" Ine munthu wonyada chibadwire, ndinamutsomeka bangwe uja kudenga la nsanja, osamukhudzanso.

Nanga Lamulungu ndikaonetsa chiyani? Kuseri kwa nyumba kunali mwala umene bambo ankanolerapo zikwanje. Ndinayamba kukhutiza nsonga za zala pamenepo m'mawa uliwonse, ndi timadzi pang'ono ndi phulusa. Patapita masabata atatu khungu linauma gwa. Amalume ankatenga dzanja langa, kulitembenuza, kudina chala chilichonse ndi chikhadabo chawo. Manja awo ankanunkhira fodya wa labu.

"Eee, zikubwera," ankatero. Tsiku lina ndinawamva akuuza mayi kuti, "Mlongo, mwana wakoyu ndi waphokoso, koma khama ali nalo." Ine ndinali pakhomo pomwepo, ndipo ndinatukumuka. Taonani, kutukumuka ndi bodza langa lomwe.

Mapira atakololedwa kunali ukwati wa mwana wa mnzawo wa amalume, kutsidya kwa msika. Ndinawatsogolera ndi ndodo, bangwe wawo wamkulu ndili naye kumsana. Dzuwa la kwathu mukulidziwa, linali paliwombo. Anthu anadzaza pansi pa mtengo wa bwemba. Amalume anaimba nyimbo zitatu, fumbi koboo. Itakwana nyimbo yotulutsira mkwatibwi, zala zawo zinakana. Ndinaziona zitangouma pamwamba pa nsambo, zosapindika.

Sanatekeseke. Anafufuza dzanja langa, nalikweza m'mwamba.

"Eni ukwati, musade nkhawa. Mkwatibwi atulutsidwa ndi mwana wa mlongo wangayu. Zala zake zapsa, ndaziona ndekha."

"Mwaziona ndi chiyani, a Sandalamu?" anafunsa bambo wina atagwira chipanda cha mowa. Anthu anaseka.

"Ndi maso oposa anuwo, achimwene. Anuwo sanaone n'komwe kuti chipandacho chatha."

Anthu anasekanso kwambiri, ndipo m'kuseka momwemo amalume anandiika bangwe wawo pamiyendo. Pamenepo ndikananong'ona mawu amodzi okha, kuti sindinaphunzire. Sindinanong'one. Ndinaganiza kuti mawu anga andipulumutsa, poti anali asanandigwiritsepo mwala.

Ndinakwapula nsambo zonse pamodzi, osatseka ndi imodzi yomwe, n'kuyamba kukuwa nyimbo ija. Azimayi anayamba kuvina, koma mapazi awo anasowa popondera, poti bangwe sankawapatsa kanthu. Mmodzimmodzi anaima. Mkwatibwi anaima pakhomo, ataphimbidwa nsalu, osadziwa kuti atuluke kapena abwerere. Mayi wina anati, "Kodi mwanayu akuinga mbalame?" Ine m'malo moleka ndinakweza mawu.

Kenako chikhatho chotupa cha amalume chinagwa pansambo. Zii. Anatenga dzanja langa pamaso pa anthu onse, nalifufuza mosafulumira, chala ndi chala. Chala cha woimba bangwe chimakhala ndi kamzere kamene waya amadya. Zanga zinali zosalala ngati nsangalabwi. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

Ndinadikira kuti andiyalutse, ndipo zikanandipepukira. Iwo anatembenukira kwa anthu nati, "Pepani eni ukwati. Mwanayu musamuseke. Wolakwa ndine, ndinaona molakwika." Bambo wa chipanda uja sanasekenso. Mkwatibwi anatuluka ndi nyimbo ya m'manja.

Pobwerera ndinali patsogolo, iwo pambuyo, ndodo pakati pathu. Tinadutsa msika wonse. Titafika pamlatho anafunsa, "Unkanola pa chiyani?"

"Pamwala wa bambo."

"Tsiku lililonse?"

"Eya, amalume."

"Khama limenelo likanakwana nyimbo zitatu." Anayenda pang'ono, kenako anati, "Kamzere ndikanakafufuza kale, koma ndinkafunitsitsa kuti zikhale zoona. Anthu amandinamiza ndi pakamwa, zimenezo ndinazolowera. Iwe wandinamiza m'manja. Tsono ndatsala ndi chiyani choonera?"

Sanandimenye. Sanawauze mayi. Koma dzanja langa sanalipemphenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Kumaukwati anasiya kupita, ndipo wina wophunzira sanamutenge.

Lero ndine nkhalamba ya ndevu zoyera. Loweruka ndimakwera basi kupita ku Shawlands kwa mwana wanga wamkazi. Mdzukulu wanga Tamanda akuphunzira zeze wa kuno, wa nsambo zambirimbiri, wotsamiritsa paphewa uja. Amakhala pakona pafupi ndi windo, mvula ikuwaza panja, n'kumabwereza kachigawo kamodzi ka nyimbo mwina makumi atatu, mochedwa, molakwitsa, kuyambiranso. Tsiku lina zinanditopetsa, ndinakuwa kuti, "Iwe, taimba nyimbo yeniyeni timve!" Anandiyankha m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chimene ine ndimangotolamo mawu awiri. Amayi ake ndiwo anandimasulira: "Akuti agogo, inu paja munali katswiri wa bangwe, simunayambe chonchi?"

Ndine ndinamuuza mwanayo kuti ndinali katswiri. Ndinakuuzaninso inu kutchalitchi, pa tiyi, kangapo konse.

Chimene ndikuchidziwa tsopano n'chakuti woimba amapangidwa pa nthawi imene akuimba moipa, popanda womuombera m'manja, ndipo amene sangapirire kumveka woipa sadzamveka wabwino. Inu ana ophunzira zeze, gitala kaya limba, mphunzitsi mungathe kumupusitsa, makamaka amene amakukondani, poti iyeyo amafuna kukukhulupirirani. Koma tsiku la anthu likafika, manyazi amagwera iye. Ine ndinapatsidwa mphunzitsi woposa onse m'chigwa chathu, ndi munda wonse woti ndilakwitsiremo, ndinaopa kusekedwa ndi anyamata awiri.

Tamanda ndinamuuza zoona Loweruka lomwelo. Inunso imvani, ndipo ndikunena mokweza monga mwa masiku onse: ine Lufeyo, bangwe sindinaimbepo.